Kuika implanti kumano a m'mwamba pafupi ndi sinus: zoyenera kutsata kuyambira pa sikani mpaka dzino litavekedwa

Mano akumbuyo a m'mwamba, aja timatafunira nzimbe ndi chimanga chokazinga, ndi amene amavuta kwambiri kuwabwezeretsa ndi implanti, ndipo chovutitsa chake ndi chimene chili pamwamba pake. Mkati mwa fupa la tsaya muli mphako ya mpweya yotchedwa sinus, ina kumanja ina kumanzere, mwa munthu wamkulu kukula kwake ndi pafupifupi mamililita 15, ndipo mizu ya mano akuchitsakano imakhala kunsi kwake kwenikweni, mwa anthu ena mpaka nsonga za mizuyo zimachita kutukumula pansi pa mphakoyo. Implanti ndi kasikuluwu ka chitsulo cha titanium komwe amakamangira m'fupa kuti kalowe m'malo mwa muzu, ndiye kamafuna fupa loti likagwire mbali zonse. Fupa likachepa kasikuluwuko kamangoboola n'kutulukira mu sinus. Nkhani yonse yagona pa funso limodzi, loti pakati pa usinini wanu ndi sinus patsala fupa la mamilimita angati, ndipo chonde musalole aliyense kukuboolani nsagwada asanakuuzeni nambala imeneyi.

Choyamba, dziwani chifukwa chimene fupa limathera pamenepo

Dzino likazulidwa, fupa lomwe linkaligwira limayamba kuphwa chifukwa lasowa ntchito, makamaka miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira. Kumwambaku zimaipa pawiri chifukwa pamene fupa likutha kuchokera kumunsi, sinus nayo imakhala ikukula kutsikira pamalo pomwe panali mizu paja, ndiye munthu amene anazulitsa dzino zaka 10 zapitazo akhoza kupezeka kuti patsala kafupa ka mamilimita 2 kapena 3 basi pomwe kunja akuoneka bwinobwino. Komanso fupa la kumeneko ndi lofewa, lamabowobowo. Lekholm ndi Zarb mu 1985 anagawa fupa la nsagwada m'magulu 4 malinga ndi kulimba kwake, ndipo la kumbuyo m'mwamba kawirikawiri limagwera gulu 3 kapena 4, kutanthauza kuti implanti imavuta kugwira zolimba tsiku loikalo.

Kwathu kuno dzino likabooka n'kuyamba kupweteka, thandizo lomwe ambiri amapeza ndi kuzula basi, ndiye ngati lanu lisanazulidwe ndipo muli ndi maganizo a implanti mtsogolo, nenani kwa dotolo asanagwire chipangizo. Akhoza kulizula mosamala kuti asaswe makoma a bowo, ndipo ena amathira ufa wa fupa m'bowomo nthawi yomweyo kuti malowo asaphwe kwambiri. Zimenezi zokha zikhoza kukupulumutsani ku opaleshoni yaikulu ndikufotokoza mmunsimu.

Chachiwiri, konzani m'kamwa ndi thupi lonse

Implanti siikidwa m'kamwa modwala. Ngati usinini ukutuluka magazi potsuka, mano ena akugwedera kapena pali dzino loyandikana nalo lomwe lili ndi mafinya kumuzu, zimenezo zithe kaye, chifukwa tizilombo tomwe timadya fupa lozungulira mano timadyanso lozungulira implanti.

Muuzeni dotolo zonse osabisa, ngakhale zooneka ngati sizikukhudzana ndi mano. Matenda a shuga osaongoleredwa amachedwetsa kupola kwa bala, ndiye mwina akupemphani kayezedwe ka HbA1c komwe kamaonetsa mmene shuga wakhala akuyendera miyezi 2 kapena 3 yapitayi. Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, clopidogrel ngakhale aspirin wa tsiku lililonse atchuleni, koma musawasiye panokha, zimenezo agwirizane madotolo anu. Mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate, zoledronate ndi denosumab, komanso ngati munawotchedwapo ndi radiotherapy kumutu kapena kukhosi, izi ndiye zofunika kwambiri chifukwa fupa la nsagwada likhoza kufa m'malo mopola. Amene akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo mavairasi anatsika, implanti amaikidwa ngati wina aliyense, musaope kunena.

Fodya ndiye mdani wamkulu. Amachepetsa magazi opita kubala ndipo osuta ndi amene ma implanti awo amalephera kawirikawiri, makamaka kumalo ano omwe fupa lake ndi lofewa kale. Siyani pakadali masabata angapo opaleshoni isanachitike ndipo musabwerereko nthawi yonse yopola, kaya ndi ndudu, shisha kapena vape.

Ndiye pali mphuno. Ngati mumakhala ndi mphuno yotsekeka nthawi zonse, mamina a mafinya, mutu wopweteka pamasaya mukawerama, nenani. Sinus ili ndi kabowo kotulukira mamina komwe kali chakumwamba kwa khoma lake loyang'ana kumphuno, ndipo kabowoko kakakhala kotsekeka, kutupa kobwera ndi opaleshoni kumangosanduka matenda. Zikatero muonane kaye ndi dotolo wa makutu, mphuno ndi kukhosi. Ngakhale chimfine wamba chikakugwirani sabata la opaleshoni, imbani foni asinthe tsiku, palibe chothamangira.

Chachitatu, sikani

Apa ndi pomwe ndimaumirira kwambiri. X-ray yaing'ono ya dzino limodzi kapena yaikulu yoonetsa nsagwada yonse, yomwe amati OPG, imathandiza poyambira koma ndi chithunzi chafulati, imakuza zinthu mosafanana ndipo sionetsa m'lifupi mwa fupa. Pafupi ndi sinus pamafunika CBCT, sikani yomwe makina amazungulira mutu wanu kwa masekondi ochepa n'kutulutsa chithunzi choti dotolo amachitembenuza mbali zonse pa kompyuta n'kuyeza mpaka kagawo ka milimita. Makina amenewa sapezeka paliponse, mwina mukafunika kuyenda mtunda kapena kulipira padera, koma ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi yokonzera zinthu zitalakwika.

Khalani pambali pa dotolo pomwe akuona sikaniyo ndipo mufunse kuti akuonetseni ndi chala. Fupa latsala lalitali mamilimita angati pamalo enieni pomwe implanti ilowe, nanga m'lifupi? Nembanemba yokuta mkati mwa sinus ndi yopyapyala bwino kapena yatupa, muli chotupa kapena madzi? Kabowo kotulukira kaja ndi kotsekuka? Muli timakoma ta fupa togawa sinus, tomwe amati septa, chifukwa anthu ambiri ndithu ali nato ndipo ndi pomwe nembanemba imakonda kung'ambikira? Nanga mtsempha wa magazi womwe umadutsa m'khoma la kutsaya uli pati? Dotolo wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso awa, ndipotu amakhala ataziona kale zonsezi. Mupemphenso kope la sikaniyo pa flash kapena pa imelo, ndi yanu, ndipo ikuthandizani mukafuna kumva maganizo a dotolo wachiwiri.

Chachinayi, nambala ija ndi imene isankhe njira

Madotolo amasiyana pang'ono pa malire enieni koma kagawidwe kake nthawi zambiri kamayenda chonchi.

Fupa likakhala la mamilimita 10 kapena kuposa, implanti imalowa popanda kukhudza sinus, mwayi wanu.

Likakhala pakati pa mamilimita 5 ndi 9, pali njira ziwiri. Ina ndi kuika implanti yaifupi, ya mamilimita 6 kapena 8, osagwira sinus n'komwe, ndipo masiku ano zazifupizi zikuchita bwino moti ndi bwino kufunsa ngati zingatheke kwa inu chifukwa bala limakhala laling'ono, mtengo wotsika, kuchira msanga. Ina ndi kukweza pansi pa sinus kudzera m'bowo lomwelo la implanti, njira yomwe Robert Summers anaifotokoza mu 1994. Dotolo amaboola mpaka kutsala pang'ono kufika pa sinus, kenako amalowetsa kachitsulo kotchedwa osteotome n'kumakagogoda ndi kanyundo mpaka kafupa kotsalako kathyokere m'mwamba n'kunyamula nembanemba ndi mamilimita 2 mpaka 4, ndiye implanti imalowa tsiku lomwelo. Sizipweteka chifukwa pamakhala pachita dzanzi koma kugogodako kumamveka m'mutu monse, ndipo anthu ena owerengeka amachita chizungulire pambuyo pake chifukwa kugunda kuja kumasuntha timiyala ta mkati mwa khutu, chizungulire chake chimachizika koma munene chikabwera. Madotolo ena pano amagwiritsa ntchito zoboolera zapadera kapena mphamvu ya madzi m'malo mwa nyundo.

Fupa likachepera mamilimita 4 kapena 5, apo pamafunika kutsegula kawindo m'khoma la fupa la kutsaya n'kuthiramo fupa pansi pa nembanemba ija, opaleshoni yomwe ambiri amati sinus lift. Hilt Tatum wa ku America ndi amene anayamba kuichita m'ma 1970, ndipo Boyne ndi James anaisindikiza koyamba mu 1980, ndiye si zoyeserera ayi, yakhala ikuchitika zaka zoposa 40. Ngati fupa lotsala lingathe kugwira implanti osagwedera, amachita zonse tsiku limodzi. Ngati latsala la milimita 1 kapena 2, amayamba amanga fupa, mudikire miyezi, implanti ibwere pambuyo. Wina akakulonjezani dzino lotafunira sabata lomwelo pa fupa lochepa chonchi, kaonaneni ndi dotolo wina.

Kwa amene nsagwada yonse ya m'mwamba inatheratu pali ma implanti opendeketsa kuti azembe sinus, ndi ena aatali kwambiri omangirira m'fupa la tsaya otchedwa zygomatic, omwe anayambitsidwa ndi Per-Ingvar Brånemark, Msweden yemweyo amene anaika ma implanti a titanium mwa munthu woyamba ku Gothenburg mu 1965. Amenewa ndi a akatswiri a opaleshoni ya nkhope ndi nsagwada okhaokha. Ndipo tisaiwale kuti implanti si yokakamiza, bridge, lomwe ndi dzino lopanga lomangiriridwa pa mano oyandikana nalo, kapena mano ovula ndi kuvala akhoza kukukwanirani, ndipo ngati losowa ndi dzino lomalizira kumbuyo lokha pomwe ena onse alipo, anthu ambiri amatafuna bwinobwino osalibwezeretsa.

Chachisanu, funsani kuti athiramo chiyani

Malo omwe atsekuka pansi pa nembanemba amadzazidwa ndi timibulu ta fupa kuti thupi lanu limerepo fupa lakelake. Timibuluti tikhoza kukhala fupa lanu lomwe lopalidwa pena m'kamwa, fupa la munthu wina loyeretsedwa, la nyama, kapena lopangidwa kufakitale monga beta-tricalcium phosphate ndi hydroxyapatite. Lodziwika kwambiri ndi Bio-Oss la kampani ya Geistlich ya ku Switzerland lomwe limachokera ku ng'ombe, ndipo kansalu ka collagen kotsekera windo, monga Bio-Gide, kamachokera ku nkhumba. Abale athu Achisilamu, a Seventh Day ndi ena omwe izi zikuwakhudza pachikhulupiriro afunse pasadakhale chifukwa zina zosachokera ku nyama zilipo koma mwina dotolo ayenera kuchita kuziitanitsa.

Funsaninso dzina la kampani yopanga implantiyo ndipo akulembereni pa pepala pamodzi ndi saizi yake. Straumann, Nobel Biocare, Osstem ndi ena ambiri, aliyense ali ndi tizisikuluwu ndi masipanala akeake, ndiye patapita zaka kasikuluwu ka dzino kakamasuka, dotolo wina sangakuthandizeni ngati sakudziwa kuti muli mtundu wanji.

Pa nkhani ya amene achite ntchitoyi, onetsetsani kuti ndi dotolo wa mano wolembetsedwa, ku Malawi ndi Medical Council of Malawi, ku South Africa ndi HPCSA, ku Britain ndi General Dental Council, ndipo mumufunse mosapsatira kuti sinus lift amaichita pafupipafupi bwanji komanso nembanemba ikang'ambika amatani. Madotolo a mano kwathu ndi ochepa, maphunziro a digiri ya mano anangoyamba mu 2019 ku sukulu yomwe pano ndi KUHeS, n'chifukwa chake ena amapita ku Johannesburg kapena ku India. Ngati mukupita kunja, konzani ulendo wake bwino: musagule tikiti yobwerera ya mawa lake, mudziwe kuti mudzapitanso kachiwiri mwina kachitatu, ndipo mupeze kaye dotolo wa kuno woti adzakuoneni pakabuka vuto. Mtengo akupatseni wolembedwa wa zonse, sikani, fupa, implanti, cholumikizira, dzino lenilenilo, kuchotsa ulusi, chifukwa ena amangotchula wa implanti yokha zinazo mumazimva mutakhala kale pampando.

Tsiku la opaleshoni

Nthawi zambiri simugonekedwa, amangobaya jakisoni wa dzanzi, ndiye idyani pang'ono musanapite pokhapokha atakuuzani kuti akupatsani mankhwala ogonetsa. Tengani munthu woti akuperekezeni kunyumba. Mwina akupatsani maantibayotiki omwera pasadakhale, kawirikawiri amoxicillin, yemwe ndi wa m'gulu la penicillin, ndiye ngati penicillin amakuwengani munene msanga.

Pa njira ya kawindo ija, dotolo amacheka usinini n'kuufunyulula kuti khoma la fupa la kutsaya lionekere, kenako amapala pang'onopang'ono kabwalo kozungulira ndi choboolera kapena makina a piezo omwe amadula fupa ndi kunjenjemera osadula minofu yofewa. Fupa likapyapyala mokwanira, nembanemba imayamba kuonekera kuseri, yotuwa mopita ku buluu. Nembanembayi, yomwe amati Schneiderian membrane, kawirikawiri siifika milimita imodzi, ili ngati kakhungu kaja kamamatira mkati mwa chigoba cha dzira, ndiye ntchito yonse ndi kuimatula pafupa ndi tizitsulo tobuntha osaiboola. Dotolo akakuuzani kuti pumani ndi mphuno pang'onopang'ono, akufuna aone ngati ikulowa n'kutuluka motsatira mpweya wanu, ikamatero ndiye kuti ili yonse. Kenako amathira timibulu tija pansi pake, implanti ngati ilowa lero, kansalu pawindo, n'kusoka.

Kung'ambika kwa nembanemba ndi vuto lomwe limachitika kawirikawiri kuposa ena onse pa opaleshoniyi, ngakhale kwa akatswiri. Kakakhala kabowo kakang'ono amakaphimba ndi kansalu ka collagen n'kupitiriza. Likakhala lalikulu, chanzeru ndi kutseka n'kudikira miyezi ingapo ipole, ndipo dotolo amene waima n'kukuuzani zoona wakuchitirani zabwino kuposa amene angapakire fupa pabowo kuti timibulu tizimwazikira mu sinus.

Masabata awiri oyamba, apa ndiye udindo ndi wanu

Osamina. Ndikubwerezanso, osamina kwa masabata osachepera 2, ena amati mpaka 4, mamina akatuluka ingopukutani. Kuyetsemula kukabwera tsegulani pakamwa, osatsina mphuno. Osamwera kapaipi (straw), osapopa baluni ndi pakamwa, oimba malipenga a bandi ya kutchalitchi apume kaye, osasenza katundu wolemera kapena kuwerama nthawi yaitali monga polima ndi pochapa, osasambira pansi pa madzi, ndipo za ndege mufunse dotolo wanu, ambiri amati mudikire sabata kapena awiri. Zonsezi chifukwa chake n'chimodzi, mpweya ukapanikizika mu sinus umakankha nembanemba isanapole n'kusuntha fupa lija, nthawi zina mpweyawo umalowa mpaka pansi pa khungu la tsaya.

Tsiku loyamba ikani kansalu kozizira patsaya mphindi 15 n'kupumira, gonani mutu uli pamwamba ndi mapilo awiri, osachukucha m'kamwa kapena kulavulalavula. Kuyambira tsiku lachiwiri chukuchani mofatsa ndi madzi ofunda a mchere kapena chlorhexidine ngati akupatsani, mano enawo tsukani monga mwa nthawi zonse koma mswachi usafike pa ulusi. Idyani zofewa zosatentha, phala, mbatata yophwanya, mazira, nthochi, yogati, nsima yofewa ndi ndiwo zopanda minga, kutafunira mbali inayo. Mtedza, chimanga chokazinga ndi usipa wouma zidikire. Panado ndi Brufen amakwanira kwa ambiri ngati thupi lanu limawalola, maantibayotiki mumalize onse, mowa ayi. Ngati muli ndi mano ovula ndi kuvala, musawavale mpaka dotolo atawasema kuti asatsamire pabala.

Kutupa kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu kenako n'kuyamba kuphwa, tsaya likhoza kuda ngati mwamenyedwa, timagazi pang'ono m'mphuno ya mbali yomweyo, mphuno kumveka yodzaza, timibulu towerengeka ngati mchenga m'kamwa, zonsezi n'zoyembekezeka. Ulusi amachotsa pakatha masiku 7 mpaka 14.

Koma izi musagone nazo: kutupa kapena ululu womwe ukukulirakulira pakadutsa masiku 3 kapena 4, kutentha thupi, mafinya kapena fungo loipa m'mphuno ya mbali imodzi, madzi kutulukira m'mphuno mukamamwa, mpweya kudutsa pabala, timibulu tambiri kutuluka m'mphuno, magazi osasiya, kapena kutupa kofika kudiso. Imbani foni tsiku lomwelo, ndipo kwa diso kapena kutentha thupi kwambiri thamangirani kuchipatala ngakhale usiku. Matenda a mu sinus akagwidwa msanga amatha ndi mankhwala ndi kutsuka, akachedwa fupa lonse lija limachotsedwa n'kuyambiranso. Implanti yomwe sinagwire ikhozanso kuterereka n'kugwera mu sinus, ndipo imeneyo imayenera kuchotsedwa ngakhale isakupweteka.

Kudikira ndi kuvekedwa dzino

Fupa lothiridwa limatenga miyezi 6 mpaka 9 kuti likhwime ngati linali lambiri, ndipo implanti ikalowa pambuyo pake imafunanso miyezi 3 mpaka 6 kuti ilumikizane ndi fupa, ndiye pa njira ya magawo awiri chaka chikhoza kutha musanatafunirepo. Pa njira ya Summers ndi miyezi 4 mpaka 6 kawirikawiri. Nthawi imeneyi imatopetsa chifukwa m'kamwa mumakhala mutapola kale, palibe chopweteka, ndiye mtima umati bwanji osangomaliza, koma implanti ikasenzetsedwa katundu fupa lisanaigwire imazunguliridwa ndi mnofu m'malo mwa fupa, imayamba kugwedera ndipo mapeto ake ndi kuichotsa.

Nthawi ikakwana dotolo amajambulanso, amayesa kulimba kwake, amatsegula pang'ono usinini n'kuika kachipewa koumba nkhama kwa sabata kapena awiri, kenako amatenga muyeso ndi phala loumbira kapena kamera ya m'kamwa kuti dzino likapangidwe. Likabwera lumani pa kapepala ka utoto kaja mobwerezabwereza mpaka mumve kuti silikuyamba kugunda anzake asanakumane, chifukwa implanti ilibe kamnofu kofewetsa kugunda komwe dzino lachilengedwe lili nako, ndipo ngati mumakukuta mano kutulo mupangitse chovala m'kamwa usiku. Kuyambira pamenepo tsukani kawiri patsiku, pakati pake muzipititsa kaburashi kakang'ono ka m'mipata ya mano, ndipo muzikaonetsa miyezi 6 iliyonse kapena kamodzi pachaka, ndi X-ray yoona ngati fupa lozungulira khosi la implanti silikutsika. Mukaona magazi kapena mafinya pa usinini wozungulira implanti pitani msanga, chifukwa matenda a pamenepo nthawi zambiri sapweteka mpaka fupa litadyeka kale.